Mnyamata amaopa kugwidwa, osati zaka za m'ndende

Nthawi zonse mbala zikathyola sitolo, kapena achifwamba akakhapa mnyamata wa kabaza ndi kumulanda njinga yake yamoto, m'dziko muno mumabuka mfuu imene aliyense adaizolowera. M'maminibasi, pa bawo, pa wailesi ngakhale m'nyumba za mapemphero, anthu amanena chinthu chimodzi: chilango chachepa. Ena akuti aphungu a Nyumba ya Malamulo aonjezere zaka za m'ndende, ena akuti chingwe cha ku Zomba chiyambenso kugwira ntchito, ndipo ena, amene safuna n'kudikira komwe bwalo la milandu, akuti mankhwala a mbala ndi tayala ndi petulo. Mkwiyo wa anthuwa ndi womveka, pakuti munthu amene wakhetsa thukuta chaka chathunthu kuti agule mbuzi ziwiri, nadzuka m'mawa kupeza khola lili pululu, sangayembekezeke kulankhula mofatsa. Koma mkwiyo si nzeru. Maganizo akuti kukula kwa chilango ndiko kudzathetsa umbava wa achinyamata ndi maganizo aulesi, amene akusocheretsa mtundu wa Amalawi ndi kubisa anthu enieni oyenera kuchita manyazi.

Malamulo a dziko lino si ofewa ayi. Wopezeka wolakwa pa mlandu wa kuba wamba akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 5, ndipo wolanda katundu atanyamula chida lamulo limalola kuti apatsidwe chilango cha imfa kapena kukhala m'ndende moyo wake wonse. Chikhala kuti kulemera kwa chilango cholembedwa m'buku kumathamangitsa mbala, bwenzi anthu a ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi akugona zitseko zili zotsekula. Koma m'malo mwake akugula maloko awiriawiri ndi kuotcherera zitsulo m'mazenera. Ena adzayankha kuti lamulolo ndi la papepala chabe, popeza chiyambire 1992 palibe amene wanyongedwa m'dziko muno. Oterewa afunse mbiri ya dziko la England. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 dzikolo lidali ndi milandu yoposa 200 ya chilango cha imfa, ndipo mpaka 1808 kupisa m'thumba la munthu udali umodzi mwa milanduyo. Anthu ankanyongedwa poyera, khamu likuonerera, koma umbava sudathe. Choipirapo nchakuti anthu wamba osankhidwa kugamula milandu adayamba kumasula olakwa, kapena kutchula mtengo wochepa wa katundu wobedwa, chifukwa mtima sudawalole kuphetsa munthu kaamba ka mpango kapena wotchi. Chilango chidakula mpaka chidaleka kugwira ntchito. Potsiriza Angerezi adachotsa chingwe pa milandu ya kuba, ndipo mu 1829 adakhazikitsa apolisi oyendera misewu ya London usana ndi usiku.

Gwero la kusokera konseku ndi kusamvetsa m'mene mnyamata amaganizira asanatambasule dzanja pa chinthu cha mwini. Akuluakulu ena amati iye saganiza konse, koma chamba, kachasu kapena mizimu yoipa ndizo zimamukoka ngati ng'ombe ya pa ngolo. Ena amamuyesa kalaliki wa ku banki, amene amakhala pansi ndi pensulo kuwerengera kuti zaka 14 nzambiri kuposa zaka 7, kotero kuti zikaonjezedwa iye adzaleka. Magulu onse awiri akuphonya. Mnyamata amayeza ndithu: mbali ina amaika chimene apeze, mbali ina chimene chingamugwere. Koma sikelo yake ili ngati ya mavenda ena ogula soya ndi mtedza m'midzi, imene idakhotetsedwa kale mlimi asanafike ndi thumba lake. Tsono ofuna kuthetsa umbava ayenera kudziwa chimene chimalemera pa sikeloyo, chimene chimapepuka, ndiponso amene adaikhotetsa.

Kuyeza kotere si nthenda ya osaphunzira okha. Mfundo yakuti wolakwa amayerekeza phindu ndi chiopsezo idalembedwa mwadongosolo mu 1968 ndi katswiri wa za chuma wa ku America, Gary Becker, amene mu 1992 adalandira mphoto ya Nobel. Mwini wake adasimba kuti ganizoli lidamufikira tsiku lina atachedwa kukayesa mayeso wophunzira wina mu mzinda wa New York. Adayenera kusankha pakati pa kukaimika galimoto pa malo olipira amene adali patali, ndi kuisiya mu msewu pa malo osaloledwa. Adalingalira za kukula kwa faindi, nalingaliranso ngati wapolisi angadutsepo, ndipo adasankha kuphwanya lamulo. Sadagwidwe. Ngati mphunzitsi wamkulu wa pa yunivesite, wa malipiro abwino ndi dzina lolemekezeka, adatha kutero poona kuti wapolisi ali kutali, nanga mnyamata wogona ndi njala ku Mbayani alephera bwanji kuwerenga masamu omwewo?

Cholemera koposa pa sikelo imeneyi ndi funso lakuti kodi alipo amene akuona. Mu 1764, Cesare Beccaria wa ku Milan m'dziko la Italy, ali ndi zaka 26 zokha, adaphunzitsa kuti choletsa anthu kulakwa si nkhanza za chilango koma kutsimikizika kwake ndi kufulumira kwake. Umboni wa zaka zapitazi wamuvomereza. Mu 1994 zigawenga zidaphulitsa bomba pa likulu la Ayuda mu mzinda wa Buenos Aires ku Argentina, ndipo boma lidaika wapolisi usana ndi usiku pa khomo la nyumba iliyonse ya mapemphero ndi ya mabungwe a Ayuda ndi a Asilamu mu mzindamo. Wapolisiyo sadaikidwe kaamba ka mbala, koma ofufuza adapeza kuti m'misewu imene adaimamo kuba kwa galimoto kudatsika ndi magawo 75 pa 100 alionse. Lamulo la kuba galimoto silidasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Chidasintha ndi diso. Ku Florida m'dziko la America kudaoneka mbali ina ya nkhani yomweyi. Kumeneko mnyamata akakwanitsa zaka 18 amayamba kuzengedwa ngati wamkulu, ndipo chilango chimene angalandire chimakula kwambiri tsiku limodzi lokha. David Lee ndi Justin McCrary adasanthula mabuku a apolisi kuti aone ngati anyamata amaleka kulakwa akafika pa tsikulo. Kutsika kumene adapeza kudali kochepetsetsa.

Makolo adati masiku a mbala ndi 40, ndipo mpaka lero wakuba akagwidwa anthu amaseka kuti la fote lakwana. Wamkulu akamva mwambiwu amamva chenjezo. Mnyamata wa zaka 17 amamvamo china: kuti pali masiku 39 oti adye mwaulere, ndipo la 40 lili kutali ngati ukalamba. Choopsa nchakuti zimene amaona ndi maso zimamutsimikizira. Tsiku loyamba amathyola chimanga chachiwisi m'munda wa mwini, mtima ukugunda ngati ng'oma, ndipo palibe chimachitika. Kachiwiri ndi nkhuku, kachitatu ndi foni ya mayi wina mu depoti. Ulendo uliwonse umene wabwerako bwino umachotsako mwala ku mbali ya mantha, kufikira iye adziona ngati katswiri, kapena munthu wokhwima amene dzanja silingamugwire. Sadziwa ndime ya lamulo imene akuphwanya, ndipo atafunsidwa zaka zimene woweruza angamupatse sangayankhe. Koma amadziwa bwino lomwe ngati pa msika pali mlonda wosagona, amadziwa njira imene apolisi sadutsa, ndipo amadziwa mnzake amene adagwidwa Lachiwiri nabwerako Lachinayi akuseka.

Ameneyo, wobwerako Lachinayi akuseka, ndiye mphunzitsi wamkulu wa umbava m'dera lonse. Belo ndi ufulu wa woganiziridwa aliyense, ndipo la kupolisi nlaulere. Palibe cholakwika pamenepo. Koma pamene mphekesera imveka kuti abale adapereka kangachepe ndipo failo idasowa, anyamata onse oonerera amaphunzira kuti lamulo lili ndi mtengo wake monga tomato wa pa msika. Wapolisi mmodzi wolandira chiphuphu amagwetsa ntchito ya anzake ambiri okhulupirika amene amachezera panja m'nyengo ya chisanu. Chimodzimodzi mlandu umene ungoimitsidwa mwezi ndi mwezi kufikira mboni zitatopa ndi kulipira minibasi. Chimodzimodzi woberedwa amene sapita n'kupolisi komwe ati n'kutaya nthawi, ndi nyakwawa imene imabisa mphwake pamene mudzi wonse ukudziwa kumene mbuzi zidapita. Ambiri mwa amenewa ndi omwe aja amakhala pa bawo madzulo nafuula kuti zaka zionjezedwe, osazindikira kuti zaka 30 za mlandu umene sudzafika pa chigamulo n'chimodzimodzi ndi kusalanga konse.

Nthawi nayo imakhotetsa sikelo. Mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, mnyamata amautsata kupitirira m'mene akulu adafunira. Ndalama ya usiku uno ili pamphuno. Ndende ya chaka chamawa ili pachala. Akatswiri a za ubongo adapeza kuti mbali ya kumphumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kulingalira za mawa, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25, pamene mbali yolakalaka zokoma imachangamuka msanga pa kutha msinkhu. Ichi si chifukwa chomukhululukira wakuba ayi, pakuti anyamata miyandamiyanda a msinkhu womwewo amapirira njala osaba. Koma ndi chifukwa chodziwira kuti wa zaka 18, kumuuza zaka 10 kapena zaka 20, iye amamva chinthu chimodzi: nthawi yaitali imene sangathe kuiona m'maganizo.

Ndiponso mnyamata kawirikawiri salakwa ali yekha. Mu 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg a ku America adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 306 a misinkhu itatu. Aliyense adapatsidwa masewera a pa kompyuta oyendetsa galimoto, momwe ankayenera kusankha kuima kapena kupitirira nyali ya pa msewu ikayaka yachikasu. Wopitirira ankapata mapointi ambiri, koma akanatha kugunda khoma ndi kutaya zonse. Ena adasewera ali okha, ena anzawo awiri a msinkhu wawo akuonerera. Akuluakulu sadasinthe kwenikweni kachitidwe kawo. Koma ana a zaka 13 mpaka 16 adachita zinthu zoika pa ngozi mowirikiza kawiri pamene anzawo adalipo. Mphunzitsi aliyense wa sekondale akudziwa zimenezi popanda kompyuta. Pa gulu, wobwerera m'mbuyo amatchedwa wamantha, mwana wa amayi, kapena kape m'chinenero chawo, ndipo chilango chimenechi chimagwa pompopompo, pamaso pa onse, popanda belo kapena apilo. Ndi zamanyazi kunena, koma gulu la anyamata pa ngodya ya msewu limatsata chiphunzitso cha Beccaria bwino kuposa akuluakulu a m'dera lawo.

Nanga phindu limene amalithamangiralo ndi lotani? Apa ndi pamene bodza lalikulu lagona, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anyamata samva kawirikawiri wina akuliulula. Ku Chicago, wofufuza wina dzina lake Sudhir Venkatesh adakhala zaka zingapo pakati pa gulu logulitsa mankhwala ozunguza bongo, ndipo adapatsidwa mabuku a ndalama a gululo a zaka 4. Iye ndi Steven Levitt adafalitsa zimene adapeza mu 2000. Mtsogoleri wa gulu ankapata madola masauzande angapo pa mwezi. Koma anyamata oima pa msewu, amene ankagwidwa ndi kuomberedwa, ankalandira pafupifupi madola 3 ndi masenti ochepa pa ola, kuchepera malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola kwa wotsuka mbale m'lesitilanti. Ambiri ankagona kwa amayi awo chifukwa sakanatha kulipira nyumba. Ndipo amene adakhala m'gululo zaka zonse 4, mmodzi mwa anayi alionse adali woti aphedwa. Chimene chinkawasunga si ndalama imene ankalandira, koma galimoto ya mtsogoleri imene ankaiona tsiku ndi tsiku. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Muno m'Malawi masamu ake ndi omwewo. Foni imene mwini wake adaigula ndi malipiro a miyezi iwiri, mnyamata amaigulitsa pa mtengo wa mowa wa usiku umodzi, chifukwa ali pa changu ndipo wogula akudziwa kuti wakuba sanenerera. Wonyamula chikwama cha chamba kuchokera ku mapiri a ku Nkhotakota ndiye amatsitsidwa m'basi pa rodibuloko; mwini katundu ali phee m'tauni, ndipo mawa atuma wina. Wodula mawaya a magetsi amaika moyo wake pachiswe pamwamba pa pholo, ena amapsa pomwepo, pamene wogula mkuwa sadakwerepo ngakhale makwerero. Wogulayo ndiye mzati wa ntchito yonseyi, ndipo kawirikawiri si mnyamata wa m'mbali mwa msewu. Ndi bambo wa sitolo yake, mayi wa ntchito yabwino, nthawi zina munthu wa udindo pa mpingo, amene amalandira wailesi yakanema usiku pa theka la mtengo osafunsa risiti, nadzitcha wamwayi. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu waukulu m'malamulo a dziko lino, koma m'chikhalidwe cha masiku ano chasanduka chinthu chonyadira. Munthu yemweyo nyumba yake ikathyoledwa ndiye amayamba kufunsa kumene kuli petulo. Mbala imaba chimene ikudziwa kuti chili ndi msika, ndipo msikawo sudakhazikitsidwe ndi ana.

Galimoto ya mtsogoleri ija nayo ilipo kuno, ndipo anyamata amaiona. Mu Sepitembala 2013 dziko lidadzidzimuka pamene mkulu woyang'anira ndondomeko ya chuma cha boma, a Paul Mphwiyo, adaomberedwa pa chipata cha nyumba yawo ku Lilongwe. M'masiku omwewo apolisi adayamba kupeza mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma, ena a iwo akalaliki wamba. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adaonetsa kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi 6 yokha ya chaka chimenecho. Ena adalangidwa ndithu: a Oswald Lutepo adagamulidwa zaka 11 mu 2015. Koma milandu ina ya Cashgate idakwawa m'makhoti zaka zambirimbiri, ndipo mwana amene adali mu Sitandade 5 pamene idayamba adalemba mayeso a Folomu 4 isanathe. Phunziro loipitsitsa silidali m'khoti. Lidali m'miyezi ija ndalama zisanaululike, pamene anthu a malipiro ochepa adayamba kugula galimoto zapamwamba ndi kumanga nyumba, anzawo akuona, koma osafunsidwa ndi wina aliyense. Chuma chosadziwika gwero lake chimapatsidwa mpando wakutsogolo pa ukwati, chimatchulidwa dzina pa maliro ndi pa chopereka cha mpingo. Mnyamata woimirira kumbuyo kwa khamu saphonya kanthu. Amaona kuti wakuba nkhuku amathamangitsidwa ndi miyala, koma wakuba mamiliyoni amaimiriridwa akamalowa.

Kunyumba nako n'chimodzimodzi, ngakhale pang'ono. Mwana wosagwira ntchito, wosachita geni iliyonse yodziwika, akafika ndi mapaketi a shuga ndi nsapato zatsopano, makolo ena amalandira ndi manja awiri nati mwana wayamba kutakata. Safunsa, chifukwa akuopa yankho ndipo tiyi akukoma. Tsiku limene wagwidwa, makolo omwewo amalira kuti anzake adamuononga.

Pali ophunzira ena amene amathamangira kunena kuti zonsezi ndi umphawi basi, ndipo kuti umbava sungathe kufikira aliyense atalemera. Mau amenewa ndi chipongwe kwa anyamata osauka ambirimbiri amene amadzuka mbandakucha kukaumba njerwa, kupalasa kabaza kapena kusenza matumba pa msika, nagona ndi dzina loyera. Ndiponso amene adaba ku Capital Hill sadali anjala. Komabe umphawi uli ndi malo ake pa sikelo, ndipo malo ake ndi awa: munthu amaopa kugwidwa molingana ndi chimene angataye. Mnyamata amene ali ndi dimba la tomato, kapena malo pa sukulu ya ntchito zamanja, kapena bwana womuphunzitsa ukalipentala, kapena chibwenzi chimene ankhoswe akuchidziwa, akagwidwa ataya zonsezo tsiku limodzi, ndipo amadziwa. Amene alibe chilichonse mwa izi amangotaya malo ake pa khonde la golosale. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo oposa theka adali osakwana zaka 18. Ana amenewo ndiwo akufika pa msinkhu woyeza m'zaka zino, chaka ndi chaka, mazana a masauzande.

Ofuna kuonjezera zaka sanenanso kumene adzawaike omangidwawo. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, bwalo lalikulu lidagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende za dziko lino n'kuphwanya ufulu wa munthu, ndipo lidalamula kuti kuchepetsedwe ndi theka m'miyezi 18. Patapita zaka 10 ndende zidali zikusungabe akaidi oposa kuwirikiza kawiri chiwerengero chimene zidamangidwira. Mnyamata wakuba nkhuku akagona zaka zingapo mothithikana ndi achifwamba okhwima, amatuluka ndi luso latsopano, anzake atsopano, ndi dzina limene palibe bwana angalilembe ntchito. Ndende imene ankaiopa tsopano akuidziwa, ndipo chodziwika sichiopsa ngati chachilendo. Ngakhale kungoopseza ndi ndende sikupindula. M'zaka za m'ma 1970, pa ndende ya Rahway ku New Jersey, adayambitsa mwambo wotengera ana opulupudza kukaona akaidi a moyo wonse, amene ankawakalipira ndi kuwasimbira zoopsa za m'katimo. Njirayo idatchuka ndipo idafalikira m'madera ambiri. Koma pamene Anthony Petrosino ndi anzake adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 9 wa njira zoterezi, adapeza kuti ana amene adapita kukaopsezedwa adapalamula milandu yambiri kuposa amene sadapite.

Za tayala ndi petulo sizifuna mau ambiri. Ndi kupha munthu, ndipo wochita nawo ndi chigawenga choposa mbala imene akuiotcha. Khamu silifunsa umboni: mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osachepera 9 m'chigawo cha kumwera, pa mlandu umene sudalipo. Ndipo ngakhale wogwidwayo atakhala wakubadi, khamu likamupha limapha mboni yokhayo imene ikadatchula dzina la wogula katundu. Alipo amene amapindula ndi kukhala chete kwa mtembo.

Kuti sikelo ya mnyamata ikhoza kuwongoledwa, umboni wake uli mu Africa momwe muno. Dziko la Liberia lidatuluka m'nkhondo yapachiweniweni mu 2003, ndipo misewu ya likulu lake, Monrovia, idadzaza ndi amuna achichepere okhalira kuba, kulanda ndi kugulitsa mankhwala ozunguza bongo, ena mwa iwo atagwirapo mfuti ali ana. Kuyambira 2009, Christopher Blattman, Julian Jamison ndi Margaret Sheridan, mogwirizana ndi bungwe la komweko lotchedwa NEPI, adasonkhanitsa amuna 999 oterewa a zaka 18 mpaka 35. Mwa maere, ena adapatsidwa maphunziro a masabata 8, ena madola 200, ena zonse ziwiri, ndipo ena sadapatsidwe kanthu. Maphunzirowo sadali ulaliki kapena chiopsezo. Ophunzitsa ambiri adali anthu amene adadutsa m'moyo womwewo. Ankaphunzitsa munthu kuima kaye mkwiyo ukabwera, kugawa cholinga chachikulu m'zidutswa zazing'ono, kusunga kandalama ka mawa, kumeta ndi kuvala ngati munthu wa pa mudzi, ndi kulowa m'banki kapena m'sitolo yaikulu osadziona ngati mlendo. Mwachidule, ankamuphunzitsa kuona fodya wa pachala.

Anthu ambiri akadalosera kuti madola 200 m'manja mwa mbala athera ku mowa ndi chamba. Sizidatero, gawo lalikulu lidapita ku timabizinesi, chakudya ndi pogona. Timabizinesito tambiri tidagwa chaka chisanathe, ndipo amene adalandira ndalama yokha adabwerera ku khalidwe lakale. Koma amene adalandira maphunziro pamodzi ndi ndalama adasintha mokhalitsa, pakuti ndalamayo idawapatsa miyezi ingapo yoyeserera moyo watsopano popanda njala kuwakankhira kumsewu. Ofufuzawo atawalondolanso patapita zaka 10, adapeza kuti kuba ndi kulanda pakati pa amunawa kudali kochepa ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi anzawo amene sadalandire kanthu. Zonsezo zidadya madola pafupifupi 530 pa munthu mmodzi. Ngati zidatheka ndi anthu amene adakulira m'nkhondo, palibe chifukwa chonenera kuti mnyamata wa ku Bangwe kapena ku Chinsapo adatayika kale.

Tsono pamene bilu yoonjezera zaka za m'ndende idzafika m'Nyumba ya Malamulo, phungu wofunira anthu ake zabwino asafulumire kuomba tebulo. Afunse kaye kuti mwa nyumba zonse zimene zidathyoledwa m'boma la kwawo chaka chatha, ndi zingati zimene wolakwa adapezeka. Afunse kuti mlandu wa kuba umatenga masiku angati kuchokera pa kugwidwa kufika pa chigamulo, ndi kuti ogula katundu wakuba amene adaimapo pamaso pa woweruza ndi angati. Afunsenso kuti galimoto ya apolisi a kwawo imakhala ndi mafuta masiku angati pa mwezi. Mafunso omwewa mfumu ikhoza kuwafunsa pa bwalo lake, ndipo komiti ya chitetezo cha m'mudzi ikhoza kuwafunsa kwa mkulu wa polisi wa m'dera lake. Manambala ake alipo kale m'mabuku a pa siteshoni iliyonse ya polisi ndi m'kaundula wa bwalo lililonse la majisitireti, ndipo safuna ndalama ya dziko lakunja kuti awerengedwe.